Ndinapanga ndekha netiweki ya zizindikiro, koma kompyuta yandibwezera ina

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana amene akuchita digiri yachiwiri pa maphunziro a sayikoloje. Walemba motere:

"Ndili ndi mayankho a anthu 320 pa mafunso 20 a SRQ-20, fomu yofunsa za zizindikiro za kuvutika maganizo, onse oyankha kuti inde kapena ayi. Ndikufuna kuona momwe zizindikirozo zimalumikizirana. Aphunzitsi ondiyang'anira anandiuza kuti ndisanakhudze deta yeniyeniyo, ndiyambe ndayesa njira yanga pa deta yopanga pa kompyuta. Ndinalemba netiweki yangayanga ya timadontho 20 (zizindikiro) ndi mizere 30 (malumikizano a pakati pa zizindikirozo), ndinapanga mayankho a anthu ongopeka 320 ndi phukusi la IsingSampler mu pulogalamu ya R, kenako ndinapereka detayo kwa IsingFit, phukusi limene limayesa kupeza netiweki kuchokera mu deta. Yabwera mizere 12 yokha, ndipo nayonso ndi yofooka kuposa momwe ndinaiikira. Ulendo wina nditakweza mphamvu ya mizere, pafupifupi anthu onse anatuluka ali ndi zizindikiro zonse, ndipo pulogalamu inakana kupitiriza. Kodi ndikulakwitsa penapake, kapena njirayi ndi yosadalirika? Ndatsala ndi miyezi inayi kuti ndipereke ntchito yanga."

Achemwali, choyamba mtima ukhale m'malo. Zinthu ziwiri zimene zakuchitikiranizo zimachitikira pafupifupi aliyense amene wayamba kugwiritsa ntchito njirayi, inenso zinandichitikira, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake chomveka. Chimene chandisangalatsa n'chakuti mwaziona panopa, pa deta imene yankho lake mukulidziwa kale. Ndawerengapo malipoti ambiri a ophunzira amene anathamangira kujambula netiweki kuchokera ku deta yeniyeni, n'kulemba masamba ambirimbiri ofotokoza chifukwa chake chizindikiro chakuti sichikulumikizana ndi chakuti, osadziwa kuti mzerewo unangosowa chifukwa anthu anali ochepa. Aphunzitsi anu akupulumutsani ku zimenezo, ndipo mukawaona muwathokoze.

Tikumbutsane kaye chimene muli nacho m'manja, chifukwa mayankho onse akuchokera pamenepo. Mapukusi awiri amene mukugwiritsa ntchitowo amatsamira pa model ya Ising, ndipo model imeneyi sinabadwire mu sayikoloje. Anaiyambitsa ndi Wilhelm Lenz mu 1920, ndipo wophunzira wake Ernst Ising, ku Hamburg, ndi amene anaifufuza n'kusindikiza zotsatira mu 1925. Iwo ankafuna kumvetsa maginito. Mu chitsulo muli tinthu ting'onoting'ono timene timaloza m'mwamba kapena pansi, ndipo kalikonse kamakokera koyandikana nako kuti kaloze mbali imodzi. Patapita zaka zambiri, ofufuza a ku yunivesite ya Amsterdam, motsogozedwa ndi Denny Borsboom, anaona kuti zizindikiro za matenda a maganizo zingathe kuchita chimodzimodzi. Munthu wosagona amadzuka atatopa, wotopa amalephera kuganiza bwino, ntchito ikamuvuta nkhawa imakula, ndipo nkhawayo imamusowetsanso tulo. Chizindikiro chilichonse chili "choyaka" kapena "chozima", ndipo chikayaka chimakoka anzake.

Mu model imeneyi muli manambala a mitundu iwiri yokha. Mtundu woyamba ndi mphamvu ya mzere uliwonse, yomwe mwakhala mukuisintha. Wachiwiri ndi threshold ya kadontho kalikonse, yomwe imanena kuti chizindikirocho chimayaka mosavuta bwanji anzake onse atazima. Anthu ambiri amatanganidwa ndi mizere chifukwa ndi imene imaoneka pa chithunzi, ma threshold n'kuwaiwala. Koma taonani momwe ziwirizi zimagwirira ntchito limodzi. Chizindikiro chokhala ndi threshold ya -2 chimayaka mwa anthu pafupifupi 12 pa 100 aliwonse ngati oyandikana nacho onse azima. Mnzake mmodzi wolumikizidwa ndi mzere wa mphamvu 1 akayaka, timaphatikiza -2 ndi 1, ndipo mwayi umakwera kufika 27 pa 100. Akayaka awiri umafika 50, akayaka atatu 73. Masamu ake ndi omwe aja a logistic regression amene munaphunzira kale.

Tsopano funso lanu lachiwiri, loti anthu onse anatuluka odwala, likuyankhika mosavuta. Mizere 30 pa timadontho 20 ikutanthauza kuti kadontho kalikonse kali ndi anzake atatu, tikagawa mofanana. Ngati ma threshold munawasiya pa 0, monga amachitira ambiri poyamba, ndiye kuti chizindikiro chilichonse chikuyambira pa mwayi wa 50 pa 100 popanda wochikoka. Anzake atatu akayaka ndi mphamvu 1, mwayi ukufika 95 pa 100. Mutakweza mphamvu kufika 2, mwayi ukupitirira 99 pa 100. Palibe chokokera pansi, zonse zikukokera m'mwamba, ndiye netiweki yonse imayaka n'kukhala yoyaka. Deta yotere mulibe chophunziramo. Ngati aliyense wayankha inde pa funso lina, palibe njira yoonera chimene chimasiyanitsa oyankha inde ndi oyankha ayi. N'chifukwa chake glmnet, phukusi limene IsingFit imadalira mkati mwake, limachenjeza gulu limodzi likakhala ndi anthu osakwana 8, ndipo limakaniratu likakhala ndi munthu mmodzi kapena likapanda munthu.

Mankhwala ake ndi kuika ma threshold otsika, a manambala okhala ndi minus. Njira yachidule imene ambiri amayambira nayo ndi iyi: phatikizani mphamvu za mizere yonse yofika pa kadonthoko, gawani pawiri, muike minus kutsogolo. Kadontho ka mizere itatu ya mphamvu 1 kalandira -1.5. Mukatero chizindikiro chilichonse chimayaka mwa theka la anthu, ndipo mukhala ndi deta yabwino yoyesera ngati makina anu akugwira. Koma musathere pomwepo. Deta imeneyo ndi yofewa kwambiri poyerekeza ndi yanu yeniyeni. Pa SRQ-20, anthu odandaula mutu kapena kutopa amakhala ochuluka, pamene oyankha inde pa funso la maganizo ofuna kudzipha amakhala ochepa. Tsitsani ma threshold limodzilimodzi mpaka kuchuluka kwa chizindikiro chilichonse mu deta yopangayo kufanane ndi komwe kuli mu deta yanu. Mukapanda kutero, mudzadzinamiza kuti njirayo imagwira bwino kuposa momwe idzagwirire pa anthu anu.

Pali msampha wina pafupi ndi pomwepa, ndipo umagwira ngakhale akatswiri. Model ya Ising ingalembedwe ndi 0 ndi 1, kapena ndi -1 ndi 1 monga amachitira a fizikisi. Zonse ziwiri zimafotokoza deta imodzimodzi, koma manambala ake amasiyana. Mzere wa mphamvu 1 pa kalembedwe ka 0 ndi 1 umakhala 0.25 pa kalembedwe ka -1 ndi 1, ndipo threshold imasintha motengera mizere yonse yofika pa kadonthoko: mumatenga theka la threshold yakale, n'kuphatikizapo gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu za mizereyo. IsingFit imalandira 0 ndi 1 ndipo imabweza manambala a kalembedwe komweko. Mukapanga deta ndi -1 ndi 1 pa mphamvu 0.5, n'kuisandutsa 0 ndi 1 pambuyo pake, muyembekezere kuona nambala yoyandikira 2, osati 0.5. Jonas Haslbeck ndi anzake analemba za nkhaniyi mwatsatanetsatane mu 2021, ndipo anasonyezanso kuti tanthauzo la kukweza mphamvu ya mizere limasintha: pa 0 ndi 1 kumachulukitsa zizindikiro zoyaka, pamene pa -1 ndi 1 kumachititsa kuti zizindikiro zizifanana, zonse kuyaka kapena zonse kuzima. Yang'anani chimene munalemba pa responses, malo osankhira kalembedweka mu IsingSampler, musanayerekeze chilichonse.

Za IsingSampler yemweyo ndinenepo pang'ono. Kuti kompyuta iwerengere mwayi weniweni wa kayankhidwe kalikonse, iyenera kudutsa m'kayankhidwe konse kotheka. Mafunso 10 ali ndi njira 1,024 zoyankhira, mafunso 20 ali ndi 1,048,576, ndipo 30 amapitirira biliyoni imodzi. N'chifukwa chake njira yotchedwa direct, imene imadutsa m'kayankhidwe konseko, imayenera netiweki zazing'ono zokha. Njira imene imagwira ntchito mukapanda kusankha ndi MH (Metropolis-Hastings), yomwe imayambira paliponse n'kumasintha kadontho kamodzikamodzi maulendo 100. Pa netiweki ya mizere yofooka zimenezi zimakwanira. Pa netiweki yolimba, makina amatha kukanirira mbali imodzi, zonse zoyaka kapena zonse zozima, osawoloka. Yesani kukweza nIter, chiwerengero cha maulendowo, kufika 1,000 muone ngati kuchuluka kwa zizindikiro kukusintha. Kukasintha, ndiye kuti 100 sanakwane. Palinso njira ya CFTP (Coupling From The Past), yochokera pa ntchito ya James Propp ndi David Wilson ya mu 1996, imene imapereka deta yolondola ndendende, kungoti imachedwa netiweki ikalimba.

Tibwere tsopano ku funso lalikulu, la mizere 18 imene yasowa.

Timadontho 20 tingathe kulumikizana ndi mizere 190. Mukaphatikizapo ma threshold 20, mukupempha anthu 320 kuti akuuzeni manambala 210, ndipo munthu aliyense akungoyankha inde kapena ayi. Mukawerengera popanda chotchinga chilichonse, mzere uliwonse udzatuluka ndi kanambala kake, kena kakakulu kena kakang'ono, ndipo ambiri mwa manambalawo adzakhala phokoso chabe. Njira imene ili mu IsingFit, yotchedwa eLasso, anaifalitsa Claudia van Borkulo ndi anzake mu 2014 kuti athane ndi vuto limeneli. Imatenga chizindikiro chimodzi n'kuchilosera pogwiritsa ntchito zina 19 zotsalazo, kenako chachiwiri, mpaka zonse 20. Pa regression iliyonse imagwiritsa ntchito lasso, njira ya Robert Tibshirani ya mu 1996, imene ine ndimaifotokoza ngati chindapusa: mzere uliwonse umalipitsidwa kuti ukhalepo. Mzere umene umboni wake ndi wochepa umalephera kulipira ndipo umagwera pa 0 ndendende. Umene wapulumuka umatuluka utachepa, chifukwa nawonso walipira. Ndiye kufooka kwa mizere yanu 12 si cholakwika ayi, ndi momwe lasso amagwirira ntchito, ndipo kumachepa anthu akamachuluka.

Kukula kwa chindapusacho kumasankhidwa ndi muyeso wotchedwa EBIC, ndipo mu muyesowo muli nambala yotchedwa gamma, imene IsingFit imaiika pa 0.25 mukapanda kuikhudza. Gamma ikakwera, makina amakhala okayikira kwambiri ndipo mizere imachepa. Mukaitsitsa kufika 0, mizere imachuluka, yoona ndi yabodza yomwe. Kenako pali sefa yachiwiri. Popeza mzere uliwonse umawerengedwa kawiri, kuchokera mbali iyi ndi mbali inayo, lamulo la AND limafuna kuti mbali zonse ziwiri zivomereze. Lamulo la OR limakhutira ndi mbali imodzi. IsingFit imayambira pa AND. Mwachidule, njira yonseyi inakonzedwa kuti ikhale yosamala: imalolera kutaya mzere woona kusiyana ndi kukupatsani wabodza. Ndipo ndikukhulupirira kuti mukayang'ana mizere yanu 12, mupeza kuti yonse kapena pafupifupi yonse ili pa malo amene munaiika.

Koma ndisaike mlandu wonse pa lasso. Nthawi zambiri umboni umakhala kuti mulibe mu deta, kaya mugwiritse ntchito njira yanji. Tengani zizindikiro ziwiri, chilichonse chopezeka mwa anthu 5 pa 100. Mwa anthu anu 320, amenewo ndi anthu 16 pa chilichonse. Ngati ziwirizo sizikukhudzana n'komwe, tingayembekezere munthu mmodzi, mwinanso osapezeka, wokhala ndi zonse ziwiri mwangozi. Ngati zili ndi mzere wa mphamvu 1, womwe si wochepa, tingayembekezere anthu awiri. Kusiyana kwa mzere ulipo ndi mzere palibe kwatsamira pa munthu mmodzi. Palibe pulogalamu imene ingaone zimenezo. Mukabwerera ku netiweki yanu, onani kuti mizere yosowayo ili pati. Mudzapeza kuti yambiri ikukhudza zizindikiro zosowa, kapena zimene pafupifupi aliyense ali nazo, kapena ndi ija munaipatsa mphamvu yochepa.

Chimene ndingakulangizeni ndi kusiya kuweruza njirayi ndi ulendo umodzi. Deta imodzi yopanga ili ngati kufunsa gulu limodzi la anthu. Gulu lina lingabweretse mizere 15, linanso 9. Bwerezani maulendo 100 pa anthu 320, kenako maulendo 100 pa 500, pa 1,000, pa 2,000 ndi pa 5,000. Pa ulendo uliwonse lembani zinthu zitatu. Choyamba ndi sensitivity, gawo la mizere yoona imene yapezeka. Kwa inu, ngati 12 yonseyo ndi yoona, ndi 40 pa 100. Chachiwiri ndi specificity, gawo la malo 160 opanda mzere amene atsaladi opanda mzere. Chachitatu ndi correlation pakati pa mphamvu zimene munaika ndi zimene zabwera. Phukusi la bootnet lili ndi netSimulator yochitira zimenezi, komanso kulemba loop yanuyanu sikovuta ndipo mumaphunzira zambiri. Musaiwale set.seed, lamulo la mu R lochititsa kuti manambala amwayi atuluke omwewo nthawi zonse, kuti wina adzathe kubwereza. Ngati pa anthu 5,000 netiweki ikubwera pafupifupi yonse, dziwani kuti code yanu ili bwino ndipo vuto ndi kuchepa kwa anthu. Ngati ngakhale pa 5,000 ikubwera yokhota, bwererani ku kalembedwe ka 0 ndi 1, ku ma threshold, ndipo muonenso ngati tebulo la mizere lili lofanana mbali zonse ziwiri, ndi ma 0 pa mzere wodutsa pakati. Chithunzi chosonyeza zotsatira za kuyesaku chiyenera kulowa mu lipoti lanu. Oyesa mayeso amalemekeza wophunzira amene akudziwa malire a deta yake.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi, ndipo inu simunachifunse. Mwayesa njirayi pa netiweki ya mizere 30 mwa 190, kutanthauza netiweki imene malo ambiri ndi opanda kanthu. Lasso anapangidwira dziko lotero. Nanga ngati zoona zake zili zosiyana? Nanga ngati zizindikiro zonse 20 zikulumikizana pang'onopang'ono, chilichonse ndi chinzake? Sacha Epskamp, Joost Kruis ndi Maarten Marsman anasonyeza mu 2017 kuti pamenepo lasso amakubwezeranibe netiweki ya mizere yochepa, yooneka yaudongo, yokhala ndi timagulu tooneka ngati tili ndi tanthauzo, pamene timaguluto tabwera mwangozi. Kuchepa kwa mizere ndi chinthu chimene munalowa nacho posankha njira, si chimene mwatulukira mu deta.

Nkhaniyi ikukhudza mtsutso wakale mu sayikoloje. Mafunso ngati SRQ-20, amene anakonza ndi bungwe la WHO, anamangidwa pa ganizo lakuti pali chinthu chimodzi chobisika, kuvutika maganizo, chimene chimabala zizindikiro zonse. Ma model a mtundu wa Georg Rasch, wa mu 1960, amatsatira ganizo limenelo. Ganizo la netiweki limati ayi, zizindikirozo zikuyambitsana zokha. Zimamveka ngati mbali ziwiri zotsutsana, koma masamu asonyeza kuti netiweki ya Ising imene mizere yonse ilipo ndi mphamvu yofanana, yotchedwa Curie-Weiss, imabala mayankho ofanana ndendende ndi model ya mtundu wa Rasch yokhala ndi chobisika chimodzi. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti kupeza mizere mu deta yanu si umboni wakuti zizindikiro zikuyambitsana. Deta yotengedwa tsiku limodzi singakusankhireni pakati pa nkhani ziwirizi. Ndikupemphani muchite chinthu chimodzi chimene ndimapatsa wophunzira aliyense: pangani anthu 320 kuchokera ku model ya chobisika chimodzi, yopanda mzere uliwonse pakati pa zizindikiro, muwapereke kwa IsingFit, mujambule. Bwerezani kasanu. Mudzaona zithunzi zisanu zosiyana, chilichonse chokopa, chilichonse chokhala ndi chizindikiro chake "chapakati", chooneka cholumikizana kwambiri ndi zinzake. Amene waona zimenezi ndi maso ake amalemba mutu wa zotsatira mosamala kwambiri.

Mukafika pa deta yeniyeni, pali zinthu zingapo zoti muyang'ane musanayatse IsingFit. SRQ-20 ili ndi funso lokhudza kutopa nthawi zonse ndi linanso lokhudza kutopa msanga. Lili ndi funso la kusagaya bwino chakudya ndi lina la kusamva bwino m'mimba. Mafunso otere adzatuluka ndi mizere yonenepa kwambiri pa chithunzi, osati chifukwa china chikuyambitsa chinzake, koma chifukwa akufunsa chinthu chimodzi kawiri. Amapangitsanso timadontho timeneto kuoneka tofunika kuposa momwe tilili. Ganizirani kuwaphatikiza kapena kusiya limodzi, ndipo mulembe chifukwa chake musanaone zotsatira. Kuchepetsa timadontho kukuthandizaninso mbali ina: 14 tili ndi mizere yotheka 91 yokha m'malo mwa 190.

Chachiwiri, musasankhe anthu potengera zigoli zawo pa mafunso omwewo. Ophunzira ambiri amafuna netiweki ya "odwala okha", ndiye amatenga amene apeza, tinene, 8 kapena kuposerapo. Taganizirani chimene chikuchitika: kuti munthu alowe m'gululo alibe chizindikiro ichi, ayenera kukhala ndi zina zokwaniritsa 8. Mwapanga nokha ubale wakuti ichi chikasowa, icho chimapezeka. Mizere yoona imafooka ndipo yabodza ya minus imatulukira. Vutoli limatchedwa Berkson's bias, ndipo Jill de Ron ndi anzake analionetsa bwino pa netiweki za zizindikiro. Mungathe kulionanso nokha pa deta yanu yopangayo, ndi mzere umodzi wa code. Lofanana nalo ndi la mafunso odumpha. Mwa zizindikiro 9 za matenda ovutika maganizo (depression) mu DSM-5, buku limene madokotala amagwiritsa ntchito pozindikira matenda a maganizo, mafomu ena amadumpha zotsalazo munthu akakana ziwiri zoyambirira, ndipo wina akadzaza ma 0 m'malo odumphidwawo, netiweki imatuluka yolimba mwabodza. SRQ-20 ilibe kudumpha, koma onetsetsani kuti amene analowetsa deta sanalembe 0 pamene munthu sanayankhe.

Mukajambula, gwiritsani ntchito bootnet kuona ngati chithunzicho chili ndi miyendo. Bootstrap, kutanthauza kusankhanso anthu mwamwayi mu deta yomweyo n'kuwerengeranso netiweki, ikachitika maulendo 1,000 ikuonetsani momwe mphamvu ya mzere uliwonse ikugwederera. Idzatenga nthawi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Musagwiritse ntchito malire amene ikupatseniwo ponena kuti mzere ndi significant chifukwa sakukhudza 0. Lasso wasokoneza kale tanthauzo limenelo. Ngati mukufuna kunena za chizindikiro chapakati, chitani bootstrap yochotsa anthu pang'onopang'ono muone CS-coefficient, nambala yosonyeza gawo la anthu amene mungachotse zotsatira osasintha kwambiri. Epskamp, Borsboom ndi Eiko Fried analangiza mu 2018 kuti isatsike pansi pa 0.25, ndipo ndi bwino ipitirire 0.5. Ikalephera, musalembe mndandanda wa zizindikiro zofunika kwambiri, ngakhale chithunzi chikukopeni bwanji. Ine betweenness ndi closeness, miyeso iwiri ya kukhala pakati kwa kadontho, ndinasiya kuzilemba pa netiweki zotere, chifukwa zimagwedera kwambiri ndipo tanthauzo lake pa zizindikiro ndi lovuta kuliteteza. Laura Bringmann ndi anzake anafotokoza zifukwa zake mu 2019. Komanso malo amene kadontho kakhala pa pepala asakunyengeni. Amasankha ndi njira ya Fruchterman-Reingold imene phukusi la qgraph limagwiritsa ntchito pojambula, ndipo kukhala pakati pa pepala si muyeso wa chilichonse.

Za kusintha njira, ndinene mwachidule. Kutsitsa gamma kapena kusankha OR n'kololedwa ngati cholinga chanu ndi kufufuza zoti ena adzayese pambuyo, bola muyese kaye pa deta yopanga kuti mudziwe mizere yabodza imene mukugula, ndipo musankhe musanaone chithunzi cha deta yeniyeni. Kusinthasintha gamma mpaka chithunzi chigwirizane ndi maganizo anu ndi kudzinamiza. Phukusi la bgms, la njira ya Bayes, lili ndi ubwino umene ukukhudza vuto lanu mwachindunji: limasiyanitsa mzere umene umboni ukusonyeza kuti palibe ndi mzere umene umboni wake sunakwane. IsingFit imalemba 0 pa zonse ziwiri. Ngati mudzafune kuphatikizamo zaka za munthu kapena muyeso wina wosakhala wa inde ndi ayi, phukusi la mgm ndi limene linapangidwira zimenezo. Musadule zaka pawiri kuti zilowe mu Ising.

Pali malo amene ndingakonde musayende nokha. Ngati mukufuna kuyerekeza magulu awiri, monga amayi ndi abambo, anthu 320 agawika pakati ndipo kusiyana kwa zithunzi kungakhale kusiyana kwa chiwerengero chabe. NetworkComparisonTest, njira yoyerekezera netiweki ziwiri, ilipo, koma khalani pansi ndi katswiri wa statistics musanaikhulupirire. Chimodzimodzinso ngati mayankho osowa ndi ambiri, ngati anthu anu anatengedwa m'magulumagulu monga zipatala kapena makalasi osiyana, kapena ngati munthu mmodzi anayankha maulendo angapo. Zonsezi zikuphwanya ganizo lakuti munthu aliyense ndi wodziimira payekha, ndipo IsingFit sidzakuchenjezani. Popita kwa katswiriyo tengani code yanu yonse, tebulo la kuchuluka kwa chizindikiro chilichonse, ndi zotsatira za kuyesa kuja.

Ndipo musanalembe chiganizo chilichonse chonena kuti chizindikiro chakuti ndi chimene madokotala ayenera kuyamba kuchiza, chionetseni kwa munthu amene amaona odwala. Deta yanu ikuyerekeza anthu osiyana pa tsiku limodzi. Sikunena chimene chidzachitike mwa munthu mmodzi mukamuthandiza kugona. Funso la maganizo ofuna kudzipha likufunika chisamaliro chapadera. Popeza oyankha inde adzakhala ochepa, kadontho kake kangatuluke kali kokha, kopanda mzere, ndipo wowerenga wosadziwa angaganize kuti sikakhudzana ndi chilichonse. Lembani momveka kuti kusowa kwa mzere pamenepo kungakhale kusowa kwa umboni, muonetse ndi zotsatira za deta yopanga ija. Ndipo ngati anthu amene anayankha inde pa funsolo sanalumikizidwe ndi thandizo pa nthawi yofunsa, kambiranani ndi aphunzitsi anu ndi komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku sabata ino, musanapitirize ndi masamu.

Miyezi inayi ikukwanirani. Kuyesa konse ndafotokozaku ndi ntchito ya masabata awiri kapena atatu, ndipo yambani ndi kukonza ma threshold, kenako muthamangitse anthu 5,000 aja kuti mutsimikize code yanu.